Nkhungu Yachitatu

Kwathu kuno ku Mangochi mawu oti nkhungu ali ndi matanthauzo awiri, ndipo mwana wokulira m'mbali mwa madzi amawadziwa onse asanayambe n'komwe sukulu. Nkhungu yoyamba ndi ija imayala pamwamba pa Shire ndi nyanja ya Malombe m'mamawa wa mwezi wa Juni, yobisa bwato ndi mwini wake mpaka dzuwa litakwera. Yachiwiri ndi tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi mwezi ukakhala mumdima, n'kuima pakati panyanja ngati mzati wa utsi. Kumwera kuno sitimationa kawirikawiri monga anzathu a ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay, komabe mbiri yake ndi ya nyanja yonse.

Munthu akaima pagombe n'kuona chinthu chakuda chitaima kutali pamadzi, mayankho amakhala anayi: mwina ndi utsi wa tchire lakutsidya, mwina ndi mvula, mwina ndi kamvuluvulu wa pamadzi, mwinanso ndi nkhungu. Mlendo amafulumira kutchula dzina. Msodzi amayamba waona kumene mphepo ikuchokera, nyengo yake, ndi mmene chinthucho chikuyendera, poti iye akaphonya mathero ake amatha kukhala maliro. David Livingstone ndi anzake, poyenda panyanjayi m'chaka cha 1861, anaona mitambo yotere nayesa kuti ndi udzu ukupsa kutsidya. Anadziwa zoona tsiku limene bwato lawo linalowa mkati mwa mtambo umodzi, iwo n'kuchita kutseka maso ndi pakamwa chifukwa cha tizilombo.

Ine ndili ndi nkhungu yachitatu, ndipo ili kuthambo. Akatswiri a zakuthambo akaona kachinthu kowala mwachimbuuzi pakati pa nyenyezi amakatcha nebula, mawu a Chilatini amene tanthauzo lake ndi nkhungu basi. Mtundu umene unandigwira mtima ine amautcha planetary nebula. Vuto lake ndi lomwe lija la pagombe: chinthu chili kutali, chikufanana ndi zinthu zina zinayi kapena zisanu, ndipo palibe bwato loti n'kukalowa nalo mkati mwake. Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti n'chiyani?

Ndaphunzitsa sayansi kwa zaka zambiri pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la kunyanja. Chida changa choonera kuthambo ndi magalasi oonera patali a maso awiri, amene ndinagula kwa mlendo wina wokonda mbalame ku Chembe. Koma kudikira mdima ndinaphunzira kwa amalume anga, amene anagwira ntchito ya usiginala moyo wawo wonse. Siginala ndiye amatsogola ndi bwato la nyali, n'kukhala duu pamadzi mpaka usipa utasonkhana pansi pa kuwalako, kenaka n'kuitana alovi kuti aponye chilimira. Mwezi ukawala ntchitoyi imaima, chifukwa nyali ilibe mphamvu pamaso pa mwezi. Nditakula ndinadzamva kuti akatswiri ofufuza zinthu zosaoneka bwino kuthambo nawonso amalimbirana masiku omwewo a mdima. Kalendala ya siginala ndi ya katswiri wa nyenyezi ndi imodzi.

Usiku wina wa mu Okutobala, mphepo itachotsako utsi wa malupsa, ndinakhala ndi amalume pamchenga iwo atapuma kale pantchito. M'mwezi umenewu, cha m'ma 9 koloko usiku, nkhungu yotchedwa Helix imadutsa pafupifupi paliwombo penipeni pa munthu wa ku Mangochi. Ili pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 650, ndipo kukula kwake kuthambo ndi ngati theka la mwezi wathunthu, koma ndi yofooka kwabasi. Kuti uione uyenera kukhala mumdima mphindi makumi awiri kapena atatu maso azolowere, ndipo uyang'ane cham'mbali pang'ono, chifukwa ukailunjika imathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawapatsa magalasi aja n'kuwalozera malo.

"Amalume, mwaona kanthu?"

Anakhala chete nthawi yaitali. "Ndaona kachimbuuzi, mphwanga. Koma kodi kali kumwambako, kapena kali pagalasi lakoli?"

Funso limeneli akatswiri akhala akulimbana nalo zaka zoposa mazana awiri, ndipo amalume analifunsa asanatsegulepo buku la sayansi.

Woyamba kulemba za nkhungu ya mtunduwu anali Mfalansa wina, Charles Messier, m'chaka cha 1764. Iye ankasaka nyenyezi zamchira, ndipo timitambo toterete ankatilemba kuti tisamamusokoneze. Imene anapezayo lero imatchedwa Dumbbell, ndipo kuno timaiona chakumpoto madzulo a mu Ogasiti ndi Sepitembala. M'zaka za m'ma 1780 William Herschel, ku England, anaona kuti zina mwa nkhunguzi n'zobulungira ndi zobiriwira monga pulaneti ya Uranus imene iye anaipeza mu 1781, choncho dzina loti planetary linakhazikika. Zoona zake n'zakuti palibe ubale uliwonse ndi mapulaneti. Dzinalo linachokera pa maonekedwe, ndipo paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Chimene tikuona ndi imfa ya nyenyezi. Nyenyezi yonga Dzuwa lathu imakhala zaka pafupifupi 10 biliyoni ikusandutsa mpweya wa haidirojeni kukhala hiliyamu pakatikati pake. Nkhuni zimenezi zikamatha, nyenyeziyo imatupa, n'kufiira, n'kuyamba kutaya mpweya wake wakunja pang'onopang'ono monga njoka ikufundula. Pamapeto pamatsala mtima wake wokha, wochepa ngati dziko lathuli koma wotentha koopsa. Pamwamba pa Dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, pamene mtima wotsalawu umatha kupitirira madigiri 100,000. Cheza chake chimamenya mpweya wotayidwa uja n'kuuwalitsa. Mpweyawo umafutukuka pa liwiro la makilomita 20 kapena 30 pa sekondi, ndipo pakatha zaka pafupifupi 20,000 umakhala utamwazikiratu osaonekanso. Tikati moyo wa nyenyeziyo ndi zaka 70 za munthu, nkhunguyi imaoneka kwa ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake pakati pa nyenyezi mabiliyoni oposa 100 za mu Mlalang'amba wathu, nkhungu zotere zimene zalembedwa m'kaundula n'zongopitirira 3,500.

Zowala kwambiri zinapezeka kalekale. Zotsala ndi zokalamba zimene zatsala pang'ono kuzimiririka, zakutali kwambiri, ndi zobisika kuseri kwa fumbi la mu Mlalang'amba. Pachithunzi zimaoneka ngati kadontho ka mkaka wosungunuka m'madzi, ndipo apa m'pamene pamayambira chinyengo. Mpweya wozungulira nyenyezi yongobadwa kumene umawala mofananamo. Zotsalira za nyenyezi yaikulu imene inaphulika zimapanganso mkombero. Mlalang'amba wina wakutali zedi umatha kuoneka ngati mphete. Ngakhale kachilema ka pafilimu kamanamiza munthu, monga anakayikira amalume. George Abell wa ku America anatulutsa mu 1966 mndandanda wa nkhungu zofooka 86 zimene anazipeza pa zithunzi za ku Palomar. Anali katswiri wosamala, komabe pambuyo pake zinadziwika kuti nambala 76 pamndandandawo ndi mlalang'amba wakutali, nambala 85 ndi zotsalira za nyenyezi yophulika, ndipo zina zingapo si nkhungu za mtunduwu konse. Chithunzi chimangokuuza kuti pali chinthu. Dzina la chinthucho limafuna umboni wina.

Umboniwo uli m'kuwala komweko. Tonse tinaonapo utawaleza mvula ikamadutsa pamapiri a ku Namwera dzuwa lili kumadzulo. Madontho a mvula amamwaza kuwala koyera kukhala mitundu yake, kuyambira wofiira mpaka wofiirira ngati maluwa a jakaranda. Chida chochita zomwezi mwadala amachitcha spectroscope. Ine ndi ana a Folomu 3 tinkachipanga ndi katoni ya sopo, malezala awiri oyandikizana kuti asiye kampata kopyapyala, ndi chidutswa cha CD yakale. Tikaloza pa koloboyi, mitundu yonse inkatuluka yolumikizana bwinobwino, popanda mpata, chifukwa chowala m'lawi lake ndi timwaye totentha. Tikaloza pa babu la enejeseva, utawaleza unkaduka, n'kutsala timizere towala patalipatali, pakati pake pali mdima. Tikawaza mchere pamoto, mtundu wachikasu unkalumpha pamalo ake omwewo nthawi zonse.

Mtsikana wina wa ku Malembo, amene sankayankhulayankhula m'kalasi, anakweza mkono tsiku lina. "Sala, ndiye kuti chinthu chilichonse chimadinda chala chake pa kuwala?" Sindinapezepo mawu oposa amenewo. Mpweya wa mtundu uliwonse ukatenthedwa umawala pa mizere yakeyake imene wina aliyense alibe, monga chala cha agogo pa fomu ya ngongole. Izi anazikhazikitsa ndi Ajeremani awiri, Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, cha mu 1859 ndi 1860.

Patangopita zaka zochepa, pa 29 Ogasiti 1864, William Huggins analoza telesikopu yake yokhala ndi spectroscope pa nkhungu imene lero imatchedwa Cat's Eye, ali kunyumba kwake ku Tulse Hill mumzinda wa London. Nthawi imeneyo panali mkangano waukulu. Ena ankati nkhungu zonse ndi magulu a nyenyezi zakutali zimene maso akulephera kuzilekanitsa, ena ankati ndi mpweya. Zikanakhala nyenyezi, Huggins akanaona utawaleza wathunthu ngati wa koloboyi. Iye anaona mzere umodzi wowala wobiriwira, ndipo atayang'anitsitsa anaona ina iwiri yofooka pambali pake. Mkangano wa zaka zambiri unathera pomwepo: nkhunguyo ndi mpweya wowala. Ataloza chida chomwecho pa nkhungu ya Andromeda anapeza utawaleza wolumikizana, ndipo lero tikudziwa kuti umenewo ndi mlalang'amba wa nyenyezi. Zinthu ziwiri zimene maso ankaziika m'gulu limodzi zinalekanitsidwa ndi kagalasi.

Koma mzere wobiriwira uja unabweretsa mutu wina. Malo ake ndi pa mananomita 500.7, ndipo nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa kamiliyoni. Panalibe mpweya uliwonse wodziwika padziko umene unkadinda chala pamalo amenewo. Poti hiliyamu anayamba kuoneka m'kuwala kwa Dzuwa mu 1868 asanapezeke pansi pano mu 1895, ambiri anaganiza kuti apezanso chinthu chatsopano, nachipatsa dzina loti nebulium. Dzinalo linakhala m'mabuku zaka zambiri. Mu 1927 Ira Bowen wa ku California anasonyeza kuti mwini chalacho ndi okosijeni yemweyu timapumayu, atalandidwa maelekitironi awiri. Amawala chotero pokhapokha mpweya ukakhala wopyapyala kwambiri, moti timaatomu timakhala nthawi yaitali tisanagundane, zimene sizichitika mumpweya wathu wothithikanawu. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imasonyeza kuti umboni ukhoza kukhala woona pamene tanthauzo lake likudikirabe. Mzere unali wolondola kuyambira 1864, koma panapita zaka 63 kuti mwini wake adziwike.

Masiku ano ntchito yotsimikiza imayenda chonchi. Munthu akapeza kachimbuuzi pachithunzi, amalemba malo ake enieni kuthambo n'kudikira usiku wopanda mwezi. Amaloza telesikopu pamalopo, kawirikawiri osaona kanthu ndi maso, n'kuika kampata ka spectroscope modutsa pamene akuganizira. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa mphindi makumi awiri kapena atatu, n'kubwerezanso kangapo, monga mayi wotunga madzi pa kasupe wodontha. Kenaka amajambula nyali ya mpweya wodziwika kuti ikhale rula yoyezera malo a mizere. Ayeneranso kuchotsa kuwala kwa thambo lenilenilo, chifukwa mpweya wathu wakumwamba umawala pawokha usiku, ndipo magetsi a m'matauni amathiramo mizere yawo. Zonsezi zikachoka, ngati nkhunguyo ndi yeniyeni, pamatsala mizere yopyapyala: iwiri yobiriwira ya okosijeni pa 495.9 ndi 500.7, wofiira wa haidirojeni pa 656.3, ndi ya naitirojeni m'mbali mwake.

Onyenga aja nawonso amadziulula pomwepa. Mlalang'amba wakutali umasonyeza utawaleza wa nyenyezi zake, ndipo mizere yake imakhala itasunthira kofiira chifukwa ukutithawa pa liwiro lalikulu. Zotsalira za nyenyezi yophulika zimakhala ndi mizere ya sulufule yamphamvu kwambiri poyerekeza ndi ya haidirojeni. Mpweya wozungulira nyenyezi yongobadwa nthawi zambiri umakhala ndi okosijeni wofooka, ndipo mzere wa hiliyamu wa pa 468.6, umene umafuna kutentha koopsa, suonekamo. Kachilema ka pafilimu sikatulutsa mzere ndi umodzi womwe. Ngakhale zili choncho, katswiri wosamala saweruza ndi mizere yokha. Amaonanso maonekedwe a nkhunguyo, amafufuza ngati pakati pake pali kanyenyezi kotentha kobiriwira ngati thambo, ndipo amayerekeza ndi zimene makina ena ojambula kutentha ndi mafunde a wailesi apeza pamalo omwewo. Mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Mangochi. Yankho lina lili pa mapu athu. Dzina loti Cape Maclear, limene alendo amatchulira dera la Chembe, analipereka ndi Livingstone pa ulendo womwe uja wa 1861, polemekeza mnzake Thomas Maclear. Ambiri timalitchula osadziwa kuti mwini wake anali katswiri wa nyenyezi, amene anayang'anira malo oonera zakuthambo a Royal Observatory ku Cape Town kuchokera m'zaka za m'ma 1830 mpaka 1870. Iyeyu ndiye anathandiza Livingstone kunola luso lopeza malo amene munthu waima poyeza nyenyezi ndi mwezi, ndipo ankawerengetsanso miyeso imene Livingstone ankatumiza kuchokera kumaulendo ake. Mnansi wa Maclear ku Cape Town kuyambira 1834 mpaka 1838 anali John Herschel, mwana wa William uja, amene anabwera kudzalemba nkhungu za thambo lakumwera. Imodzi mwa zimene anapeza mu 1835, yotchedwa Southern Ring, inali pakati pa zithunzi zoyamba zimene telesikopu ya James Webb inaonetsa dziko mu Julayi 2022.

Nthambi ya mtengo umene Maclear anausamalira ikubalabe. Mu 1972 malo aja anakhala likulu la South African Astronomical Observatory, ndipo matelesikopu aakulu anaikidwa ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, kutali ndi magetsi. Kumeneko kuli SALT, imene inatsegulidwa mu 2005, ya magalasi 91 olumikizidwa kukhala galasi limodzi la mamita pafupifupi 11. Kulinso telesikopu yakale ya mamita 1.9 imene inasamutsidwa kuchokera ku Pretoria m'zaka za m'ma 1970. Yakaleyi inagwira ntchito yaikulu pa nkhani yathuyi. Kuyambira 1997 mpaka 2003 telesikopu ina ku Siding Spring, m'dziko la Australia, inajambula Mlalang'amba wakumwera m'kuwala kofiira kwa haidirojeni. Gulu lotsogozedwa ndi Quentin Parker, mogwirizana ndi Agnès Acker wa ku Strasbourg, linayang'ana mafilimuwo ndi maso, limodzi ndi limodzi, n'kulemba chilichonse chokayikitsa. Kenaka linatenga mndandandawo kupita nawo ku matelesikopu angapo, kuphatikizapo wa ku Sutherland uja, kukamwaza kuwala kwa kachimbuuzi kalikonse. Kaundula wawo wotchedwa MASH anatuluka mu 2006 ndi nkhungu zatsopano pafupifupi 900, ndipo wachiwiri mu 2008 anawonjezera zoposa 300.

Chimene chimandipatsa ulemu pa kaundulayu, ndiponso pa wolowa m'malo mwake wotchedwa HASH amene amasungidwa ku University of Hong Kong, ndi mmene anasanjira zinthu. Nkhungu iliyonse imaikidwa m'gulu limodzi mwa atatu: yotsimikizika, yooneka kuti ndi yomweyo, ndi yongoganiziridwa. Munthu amene wagona panja usiku wozizira, n'kupeza chinthu chimene angakonde kuti chitchedwe dzina lake, amavomera kulemba kuti "mwina". Umboni watsopano ukabwera, chinthu chimakwezedwa, kutsitsidwa kapena kuchotsedwa kumene, popanda wina kuchita manyazi.

Khalidwe limeneli si lachilendo kwathu kuno. Abale athu achisilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, amalisunga chaka ndi chaka. Mwezi wa Ramadani ukafika tsiku la 29, anthu amaima poyera dzuwa litangolowa, maso ali kumadzulo, kufunafuna kamwezi kopyapyala ngati chikhadabo. Mnyamata akathamanga n'kunena kuti wauona, mashehe sathamangira kulengeza. Amafunsa kuti wauona ali kuti, nthawi yanji, mbali iti, ndipo ndani wina wauona. Umboni ukapanda kukwana, anthu amasala tsiku lina n'kukwanitsa 30, ngakhale mpunga wa Idi utagulidwa kale. Anthu a njala, ofunitsitsa kuti mwezi uoneke, amadziletsa kufikira atatsimikiza. Katswiri wa ku Sutherland atafika ku Mpondasi madzulo amenewo, angazindikire kuti ali pakati pa anzake.

Chimandidandaulitsa n'chakuti khalidwe lomwelo timalisiya pakhomo tikamalowa m'nkhani zina. Chichewa chathu chili ndi mawu atatu osiyana, "akuti", "ndaona" ndi "ndatsimikiza", koma pa WhatsApp onse atatu amayenda ndi liwiro limodzi. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Aliyense anali atamva, ena anali ataona chithunzithunzi mumdima, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweretsa umboni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikamaphunzitsa ana kupanga spectroscope ya katoni, sindiyembekeza kuti onse adzakhala akatswiri a nyenyezi. Ndimafuna kuti m'mutu mwawo mukhale magulu atatu aja, kuti tsiku lina wina akadzafuula kuti mlendo wafika m'mudzi ndi wopopa magazi, pakhale mmodzi wofunsa funso la amalume lija.

Komabe sindibisa kuti ndimalota zoposa pamenepo, ndipo malotowo ali ndi maziko. Ntchito imeneyi si ya okhala ndi matelesikopu a maboma okha. Mu 2008 Dave Jurasevich wa ku America, wochita zakuthambo mongokonda, anapeza nkhungu yobulungira ngati thovu la sopo imene akatswiri anali asanaizindikire. Mu 2011 Matthias Kronberger wa ku Austria anapeza ina pofufuza zithunzi zakale zimene zili pa intaneti kwaulere. Ku France, Pascal Le Dû ndi anzake anapitirira pamenepo. Iwo amatsimikiza okha ndi ma spectroscope aang'ono omangirira ku matelesikopu a kunyumba, ena a galasi la masentimita 20 okha. Mu 2022 anafalitsa, pamodzi ndi Parker, nkhungu zotsimikizika zoposa 200 zopezedwa ndi anthu wamba. Ambiri mwa anthuwa amakhala kumpoto kwa dziko lapansi, kumene pakati pa Mlalang'amba pamaoneka munsimunsi, pafupi ndi mapiri ndi magetsi.

Ife kuno, m'miyezi ya mwera, pakati pa Mlalang'amba pamakwera pamwamba pathu madzulo aliwonse, ndipo m'dera limenelo ndimo nkhungu zoterezi zimachuluka. Munthu akachoka pa Boma n'kulowera cha ku Makanjira, kapena akaima kuseri kwa phiri ku Msaka, amapeza mdima umene anthu a ku Ulaya amalipira ndege kuti akaupeze ku Namibia ndi ku Chile. Tili ndi miyezi yambiri yopanda mvula. Tili ndi ana odziwa kukhala maso usiku wonse pamadzi, ozolowera kusiyanitsa chambo ndi chisawasawa pa kuwala kwa nyali. Chimene tilibe ndi chida, ndi munthu wowauza kuti ntchito yotere ilipo. Mdimawo nawonso sudzatidikira mpaka kalekale. Malo ogona alendo akuchuluka kuchokera ku Namiyasi mpaka ku Monkey Bay, ndipo nyali za mabatire zimene zalowa m'malo mwa za parafini panyanja n'zowala kuposa zakale. Magetsi tikuwafuna tonse, koma babu loyang'ana pansi, lokhala ndi chivindikiro pamwamba, limaunikira bwalo bwino lomwe osawononga thambo. Sukulu imodzi yokha ya m'mbali mwa nyanja itakhala ndi telesikopu ya masentimita 20 ndi spectroscope yake, dzina la Malawi likhoza kulowa m'kaundula uja kudzera mwa mwana wa msodzi.

Mpweya umene nyenyezi zakufazi zimataya suwonongeka. Umanyamula kaboni ndi naitirojeni zimene zinaphikidwa mkati mwa nyenyeziyo, n'kukasakanikirana ndi mitambo imene idzabala nyenyezi zina ndi maiko ena. Gawo la kaboni amene ali mu usipa wa pathandala ndi m'dzanja louyanika linadutsa njira imeneyi Dzuwa lisanabadwe. Dzuwa lathu nalonso lidzafika pamenepo pakapita zaka pafupifupi 5 biliyoni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anasonyeza kuti kulemera kwake n'kongokwanira kuti lidzasiye nkhungu, koma idzakhala yofooka, ya mtundu uja umafuna usiku wopanda mwezi ndi munthu wodekha. Pakali pano m'kaundula muli nkhungu mazanamazana zimene zidakali m'gulu la "mwina", ndipo zambiri mwa izo zimadutsa pamwamba pa Nankumba ndi Boadzulu usiku uliwonse wa chilimwe, zikudikira woti amwaze kuwala kwake n'kuwerenga chala chimene chadindidwapo.